Kompyuta Yatsopano Ikamangozima Yokha

Munthu amene wasonkhanitsa ndalama miyezi yambiri kuti agule kompyuta ya patebulo amayembekeza kuti makinawo amtumikira mosavuta. Koma zimachitika kuti pasanathe ndi mwezi womwe, makina aja amayamba kuzima okha pakati pa ntchito, kapena kuuma osayankhanso. Mphunzitsi amene anali kulemba malikisi a ana ake amangoti kakasi, ntchito ya tsiku lonse itapita.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Musathamangire kufufuta zonse za m'makinamo. Tengani kabuku, mulembe tsiku, nthawi ndi ntchito imene munali kuchita pamene vutolo linadza. Windows ikagwa, kawirikawiri imaonetsa mawu olozera chifukwa chake, monga MEMORY_MANAGEMENT, amenewonso alembeni. Mu Event Viewer mudzapeza uthenga wa Kernel-Power 41. Umenewu ungotanthauza kuti makina anazima mosayenera, sunena chimene chinawazimitsa.

Tsono yesani zinthu chimodzichimodzi, pakuti mukasintha zitatu nthawi imodzi simudzadziwa chimene chinali ndi mlandu.

Yambani ndi kutentha. Purosesa ikayandikira madigiri 100 imachepetsa liwiro, ndipo ikapitirira imazimitsa makina pofuna kudziteteza. Onani ngati mafani onse akuzungulira, ndiponso ngati wolumikiza makinawo sanaiwale kuchotsa kapulasitiki ka pansi pa chozizirtsa.

Kenaka yesani RAM. Pa ulendo wautali wa m'misewu yathu timatabwa timeneti timatha kugwedera. Zimitsani makina, muzule chingwe kukhoma, muchotse timatabwato ndi kutibwezera bwinobwino. Pulogalamu ya MemTest86, imene Chris Brady anayamba kulemba mu 1994, muisiye igwire ntchito usiku wonse. Ikapeza cholakwa ngakhale chimodzi, yesani katabwa kalikonse pakokha. Ngati mu BIOS munatsegulidwa XMP, imene imathamangitsa RAM koposa liwiro lake la masiku onse, itsekeni muone.

Magetsi nawo asaiwalike. M'dziko muno magetsi a m'nyumba ndi a mavoti 230, koma mphamvu yake imatsika ndi kukwera. Makina akamazima nthawi imene babu likuphethira, gulani UPS. Akamazima pokhapokha apatsidwa ntchito yolemera, kaikirani bokosi logawa mphamvu la m'kati mwake. Madalaivala, makamaka a khadi la zithunzi, muziwatenga kwa kampani imene inapanga chipangizocho.

Nthawi zina mlandu umakhala wa kufakitale. Mu Julayi 2024 kampani ya Intel inavomera kuti mapurosesa ena a Core a m'badwo wa 13 ndi 14 anali kuitanitsa mphamvu yopyola muyeso, ndipo makina ambiri anali kugwa pa chifukwa chimenechi. Inatulutsa zokonzera kudzera mu BIOS, niwonjezera zaka 2 pa chitsimikizo cha mapurosesawo. Komabe purosesa imene inawonongeka kale sichira ndi zokonzerazo, imafunika kusinthidwa.

Nchifukwa chake risiti ndi pepala la chitsimikizo muzisunge ngati chuma, ndipo musatsegule bokosi lomatidwa chidindo musanafunse wogulitsa. Zengerezu adalinda kwawukwawu: bwererani kusitolo masiku a chitsimikizo asanathe, kabuku kanu kali m'manja. Pamene mukufufuza, ntchito yanu muziikopera pa fulashi madzulo alionse.

M'gawo lotsatira tidzakambirana za kusankha UPS yolingana ndi makina anu.