Ana Athu Awerenge Ciani?

 Lero tikambirana za mabuku a nkhani zopeka oyenera anyamata ndi atsikana a zaka zoyambira 13 kufikira 19. Polankhula ndirikuganizira makamaka mabanja a kwathu okhala ku Thorngrove mu mzinda wa Bulawayo, ndi m'makomboni ena a mzindawo monga Makokoba, Mzilikazi ndi Sizinda. Koma kholo la ku Dedza kapena la ku Chipata lisatseke wailesi, pakuti zambiri zimene ndinene zikhudza ana a konsekonse.

Bvuto lace ndi ili. Mwana wa msinkhu umenewu wasiya kale nthano za Kalulu ndi Fisi, koma sanafike pa mabuku a anthu akulu. Akapanda kupeza buku lomkomera pa zaka zimenezi, amangotsala ndi mabuku a mayeso okha, ndipo tsiku limene mayeso atha, kuwerenga nakonso kwathera pomwepo. Kwa mwana wobadwira ku Bulawayo pali cinanso. Ku sukulu amaphunzira Cingerezi ndi Cindebele, pa msewu amaceza m'Cindebele, ndipo Cinyanja cimatsala cinenero ca agogo, comveka pa maliro ndi pa mapemphero. Kulankhula Cindebele bwino ndi cinthu cokoma, ndipo palibe womletsa. Cobvuta ncakuti tsiku limene agogowo adzatsikira kuli cete, mwana uja adzapeza kuti alibe womfunsa za kwao. Akulu anati m'mera mpoyamba.

Tikumbukire m'mene makolo athu anafikira kuno. Ena anayenda pansi kudzera ku Tete, ena anakwera magalimoto a Ulere, ena analembedwa ndi a Mthandizi. Anagwira nchito pa njanji, m'mafakitale, m'migodi ndi m'minda ya fodya, ndipo ambiri anabwera m'zaka za Citaganya, kuyambira 1953 kufikira 1963. Ena anabwerera kwao ndi njinga ndi makina osokera. Ena sanabwerere, ndipo kumudzi anachedwa machona. Tsono cimene ndifuna kuti mucigwire pa nkhani ya lero ndi ici: ena a mabuku oyamba a nkhani zopeka m'Cinyanja amanena za ulendo womwewo, ndiye mwana wa ku Thorngrove ayambire pa iwo, cifukwa m'menemo adzapeza mbiri ya banja lace lomwe.

Tisanachule maina a mabuku, tione zizindikiro zitatu za buku labwino. Coyamba, mukhale munthu wa msinkhu wa wowerengayo amene wafika pa mphambano, woyenera kusankha njira imodzi nasiya inzace. Caciwiri, mau ace akhale okoma m'khutu powawerenga mokweza. Cacitatu, bukulo lisabise zotsatira za zocita za munthu, komanso lisasanduke ulaliki. Acinyamata sacedwa kuzindikira buku limene lirikuwaloza cala, ndipo amaliika pansi.

Buku loyamba ndi Nthondo, lolembedwa ndi Samuel Josia Ntara, amene anali mphunzitsi wa Mishoni ya Nkhoma. Linasindikizidwa m'caka ca 1933, litapambana pa mpikisano wa mabuku a m'zinenero za mu Africa umene unakonzedwa ndi bungwe la ku London lochedwa International Institute of African Languages and Cultures. M'caka ca 1934 linaturuka m'Cingerezi ndi dzina lakuti Man of Africa, ndipo analimasulira ndi T. Cullen Young. Bukuli limalondola moyo wa munthu mmodzi kuyambira pa kubadwa kwace. Nthondo anakula ali mwana wosamvera ndi wakuba, wobvutitsa abale ace ndi mudzi wonse. Anacoka kwao kukafuna nchito kwa Azungu, nabwerera, ndipo pambuyo pace anakhala mfumu ya mudzi, natembenuka mtima kukhala Mkristu.

Ubwino wa bukuli uli pakuti Ntara sanamkometse Nthondo. Mnyamata wowerenga amaona munthu wolakwa monga iye mwini, amene mudzi wace sunamtaye. Amaonanso miyambo ya Acewa ya pa kubadwa kwa mwana, pa matenda, pa maliro ndi pa milandu, iri m'kati mwa nkhani, osati yondandalikidwa monga phunziro la m'kalasi. Tinene zoona kuti bukuli linabadwira pa mishoni, ndipo mathero ace amaonetsa zimenezo. Mwana wanu akanena kuti Nthondo anasintha msanga koposa m'mene anthu amasinthira, musamdzudzule. Wayamba kuwerenga ndi nzeru. Mfunseni kuti, kodi iye akanakhala mmodzi wa akulu a m'mudzimo, akanabvomera kuti munthu amene kale anali mbala alowe ufumu? Funso limeneli lingathe kuceza nanu kufikira moto utazima.

Buku laciwiri ndi Sikusinja ndi Gwenembe, la John W. Gwengwe, la m'caka ca 1965. Gwengwe, amene analembanso Kukula ndi Mwambo, anatenga nthano yodziwika naikulitsa. Abale awiri apita kutali kukagwira nchito. Sikusinja asunga zimene wapata, koma Gwenembe amwaza zace. Pobwerera kumudzi, manyazi ndi nsanje zimgwira Gwenembe, ndipo apha mbale wace panjira kuti atenge katundu wace. Koma pali mbalame imene iyimba kuulula mlanduwo, ndipo palibe njira yoikhalitsira cete. Ana aang'ono amakonda nthanoyi cifukwa ca mbalame. Mnyamata wa zaka 15 adzaonamo cinthu cina, ndico mantha a munthu wobwerera kwao cimanjamanja. Mantha amenewa ndiwo anasunga amuna ambiri m'mizinda ya kuno kufikira imvi, pakuti anati, ndidzapita caka ca mawa ndikapeza kanthu. Mwana wowerenga bukuli adzamva cisoni ndi agogo ace amene sanabwerere, m'malo mowaweruza.

Mabuku otere sanagwe kumwamba. M'caka ca 1948 ku Lusaka kunakhazikitsidwa bungwe losindikiza mabuku la maiko awiri amene pa nthawiyo anali Northern Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo linalimbikitsa anthu a kwathu, makamaka aphunzitsi, kuti alembe m'zinenero zao. M'zaka zimenezo munamveka maina monga E. W. Chafulumira, mlembi wa Kazitape, Josiah Phiri, mlembi wa Kalenga ndi Mnzace, ndi Jacob Zulu wa ku Zambia, mlembi wa Zomfula Mkazi Wacimasomaso. Ambiri a mabuku a nthawi imeneyo ndi aafupi, otheka kumaliza m'masiku ocepa, ndipo ici ndi cothandiza kwa mwana amene Cinyanja cace cikali cotsimphina.

Akazolowera, apite ku mabuku a m'zaka za m'ma 1980, amene amanena za moyo wa m'tauni, za cikondi, za umphawi ndi za ndalama. Willie Zingani analemba Njala Bwana ndi Madzi Akatayika. Jolly Max Ntaba analemba Mtima Sukhuta ndi Ikakuona Litsiro Sikata. Taonani maina amenewa. Ena a iwo ndi miyambi yodulidwa pakati. Mwana asanatsegule buku, mfunseni kuti madzi akatayika amatani, kapena kuti cimene sicikata cikakuona litsiro nciani. Akalephera, agogo amuuze. Motero adzalowa m'nkhani ali ndi mfungulo m'manja, ndipo adzakhala ataphunzira mwambi umodzi wosaiwalika.

Wina anganene kuti, kodi tsono ana athu asawerenge za Cingerezi? Iai, awerenge ndithu, ndipo ku Zimbabwe kuno kuli mabuku oyenera. Loyamba ndi Nervous Conditions la Tsitsi Dangarembga, la m'caka ca 1988. Limanena za mtsikana dzina lace Tambudzai, amene analima cimanga cace kuti apeze ndalama za sukulu, popeza makolo ace anaika maphunziro a mlongo wace patsogolo. Mlongoyo atamwalira, Tambudzai anatengedwa kukaphunzira ku mishoni kumene mbale wa atate wace anali mkulu wa sukulu. Kumeneko anakhala ndi Nyasha, mtsikana wa msinkhu wace amene anakhalako ku England nabwerera ataiwala Cishona. Atsikana onse awerenge bukuli, ndipo anyamata asalipewe. Mwana wathu amene amamva Cinyanja koma osatha kuyankha adzamzindikira Nyasha msanga.

Laciwiri ndi We Need New Names, la m'caka ca 2013, lolembedwa ndi NoViolet Bulawayo, amene anakulira mu mzinda uno. Wosimba nkhani ndi mtsikana wochedwa Darling, wokhala m'zisakasa pa malo ochedwa Paradise, amene amakaba magwafa ndi anzace kumene kumakhala anthu olemera. Pambuyo pace atengedwa kupita ku America kukakhala ndi mbale wa amai ace, ndipo apeza kuti kubwerera kwao nkobvuta. Ulendo wace ndi womwe uja wa agogo athu, kungoti tsopano ulikuyambira kuno. Bukuli liri ndi mau ndi zocitika zina zowawa, cotero liyenera a zaka 16 kupita m'tsogolo, ndipo kholo liyambe laliona.

Pali buku lina limene nkhani yace icitikira ku Makokoba kweni kweni, pafupi ndi Thorngrove, m'zaka za m'ma 1940. Ndilo Butterfly Burning la Yvonne Vera, la m'caka ca 1998. Ndi buku lolembedwa mwaluso, koma Cingerezi cace ndi cakuya ndipo mathero ace ndi acisoni cacikulu. Limeneli lidikire kufikira mwana atafika kumapeto kwa sukulu ya sekondale. Ndipo popeza ana athu amadziwa Cindebele, awerengenso Umvukela wamaNdebele la Ndabaningi Sithole, la m'caka ca 1956, lonena za nkhondo ya Amandebele ndi Azungu ya mu 1896. Nkoyenera kuti munthu adziwe mbiri ya anansi amene amamwa nao madzi a pa mpope umodzi.

Tsopano za kawerengedwe. Musampatse mwana buku la Cinyanja ndi kumtsekera m'cipinda, pakuti adzakhumudwa pa tsamba loyamba. Mukatha kudya nsima madzulo, patulani mphindi 20. Mwanayo awerenge mokweza, ndipo wamkulu amvetsere. Akaphonya mau, mlekeni amalize ciganizo, ndipo mumkonze pambuyo pace, osamseka. Akafika pa mau osadziwika, monga nkhokwe, mphala, kapena nkhoswe, agogo afotokoze, ngakhale agogowo sadziwa kuwerenga. Pamenepo mwana apereka maso, agogo apereka tanthauzo, ndipo onse awiri apindula. Amene anamvako nthano za Julius Chongo pa wailesi ya Zambia, m'pologalamu ya Poceza m'Madzulo, adziwa kuti kukoma kwa cinenero cathu kumamveka bwino m'khutu koposa pa pepala.

Mwana asadodome poona kuti kalembedwe kasiyana. Mabuku akale ndi a ku Zambia amalemba cinthu ndi cifukwa, pamene a ku Malawi a masiku ano amalemba chinthu ndi chifukwa. Ndiponso kuyambira m'caka ca 1968 cinenerocho ku Malawi cimachedwa Chichewa, pamene ku Zambia ndi ku Mozambique dzina la Cinyanja likalipo. Cinenero ndi cimodzi, ndipo wozolowera kalembedwe kamodzi sacedwa kuzolowera kanzace.

Nanga mabukuwa apezeka kuti? Tisanamizane, ena a iwo sapezeka msanga m'masitolo. A Cingerezi ndi a Cindebele kafunseni ku nyumba zobwereketsa mabuku, monga Bulawayo Public Library, imene inayamba m'caka ca 1896, kapena laibulale ya ku Mzilikazi. A Cinyanja tumani abale opita ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Lusaka. Timawatuma usipa, mpunga ndi zitenje. Tiwatumenso buku limodzi. Funsaninso kwa aphunzitsi opuma nchito ndi kwa akulu a mpingo, pakuti m'masutikesi akale mumagona mabuku ambiri. Buku likapezeka, likutireni ndi pepala lolimba, ndipo liyende nyumba ndi nyumba. Mabanja 10 akagula buku limodzi limodzi nasinthana, mwana ali yense awerenga mabuku 10.

Potsiriza, makolo a ku Zimbabwe mudziwe kuti malamulo akulu a dziko lino a m'caka ca 2013 amachula Cicewa pakati pa zinenero 16 zobvomerezedwa ndi boma. Cotero mwana wowerenga Nthondo pa khonde ku Thorngrove asacite manyazi ngati walowa ndi cinthu cacilendo, pakuti alikuwerenga cimodzi ca zinenero za dziko lace. Koma lamulo silingawerengere mwana buku. Nchito imeneyo ndi yathu, ndipo nthawi yace ndi ino, agogo akali ndi moyo.

Inu anyamata ndi atsikana amene mwamvetsera, sankhani buku limodzi mwa amene ndachulawa, mulimalize mwezi uno usanathe, ndipo mukasimbire mnzanu nkhani yace.