Fumbi la Miyala Limapha Mapapo

Achinyamata ambiri m'makalabu athu amapeza ndalama ya sopo pochita ganyu yoswa miyala ya kwale kapena kukumba golide. Koma kodi mukudziwa chimene chili mu fumbi limene mumapumalo?

Mumchenga ndi m'miyala yambiri muli chinthu chotchedwa silika. Mwala ukamaswedwa kapena kubooledwa uli wouma, silikayu amauluka ngati fumbi losalala kwambiri, losaoneka ndi maso, ndipo limakafika pansi penipeni pa mapapo. Matenda ake ndi silikosisi. Kawirikawiri amaonekera patapita zaka 10 kapena kuposerapo, koma munthu akapuma fumbi lochuluka zedi angathe kudwala patangotha milungu kapena miyezi yochepa. Timatumba ta mpweya ta m'mapapo timadzaza ndi zamadzimadzi zolimba, mpweya n'kumasowa podutsa. Wodwala amabanika, amatsokomola, amatentha thupi ndipo amawonda msanga. Mankhwala ochiza palibe.

Zimenezi zinachitika ku Hawks Nest, m'chigawo cha West Virginia ku America, kumene mu 1930 anthu anayamba kuboola phiri popanga ngalande ya madzi opangira magetsi. Nthawi zambiri ankaboola osathira madzi. Anthu mazana angapo, ambiri a iwo akuda, anamwalira.

Nkhaniyi si yachilendo kwa ife. Agogo athu amene anapita ku Joni pa Wenela ndi Theba, ena anabwerako ndi chifuwa chosatha. Mu 2018 makampani a migodi ya golide ku South Africa anavomera kupereka chipepeso cha R5 biliyoni kwa odwala silikosisi ndi TB.

Apa ndi pamene pali vuto lalikulu. Mapapo oonongeka ndi silika amagwidwa msanga ndi chifuwa chachikulu cha TB, ndipo ngati munthuyo ali ndi kachilombo ka HIV, chiopsezocho chimawirikiza. Chomvetsa chisoni n'choti zizindikiro zake n'zofanana, moti anthu amayamba kuloza zala kuti "uja ali ndi kachilombo" asanadziwe choona.

Ngati mukugwira ntchito ya m'fumbi, thirani madzi pa mwala musanauswe ndipo musasese malowo ali ouma. Kumanga mpango pamphuno sikuthandiza kwenikweni, pamafunika masiki ya N95 yokwana bwino. Mukayamba kutsokomola pitani kuchipatala, kayezetseni makhololo ndi magazi, ndipo muwauze adokotala ntchito imene mumagwira, ngakhale munaisiya kalekale.