Mtengo wa boma umateteza mlimi wokonzeka

Chaka chilichonse nyengo yokolola ikayandikira, Unduna wa Zamalimidwe umalengeza mitengo yoyambira pogula mbewu monga chimanga, soya ndi mtedza. Cholinga chake n'chakuti mlimi asagulitse motaya pamene mbewu zachuluka pamsika.

Koma mtengowu umagwira ntchito pokhapokha pali wogula wamkulu woutsatira, monga Admarc kapena NFRA, bungwe losunga chimanga cha dziko. Mabungwewa akachedwa kutsegula misika, mavenda amakhala atafika kale kumudzi mu Epulo ndi Meyi. Apa mlimi amakhala atapanikizika ndi ngongole ndi fizi ya ana, choncho amalola mtengo uliwonse.

Wofuna kupindula ayenera kuumitsa bwino chimanga chake, chifukwa chachinyezi amachibweza pamsika. Kugulitsa pamodzi kudzera m'kopaletivi kumapatsa alimi mphamvu pokambirana mtengo. Ndi bwinonso kufunsa chiphaso cha wogula ndi kuona ngati sikelo yake inayesedwa ndi a MBS.

Vuto likafika, kuli bwino kugulitsa matumba ochepa n'kusunga otsalawo atathiridwa mankhwala a anankafumbwe, pakuti mtengo wa chimanga umakonda kukwera kuyambira Disembala mpaka Febuluwale.