ULULU WOSAONEKA M'MADZI A MTSINJE WA TECHA

Mtsinje wa Techa uli kumapiri a Ural m'dziko la Russia, ndipo utali wake ndi makilomita pafupi-fupi 240. M'mbali mwake munali midzi yambiri ya alimi. Amai anali kutunga madzi akumwa pamadooko ake, ana anali kusamba ndi kuwedza nsomba, ng'ombe nazo zinali kumwa momwemo.

M'caka ca 1948 boma la Soviet Union linatsegula fakitale ya Mayak kumtunda kwa mtsinjewo, yokonza zopangira mabomba a atomu. Kuyambira 1949 mpaka 1956 madzi oipa a m'fakitaleyo anali kutayidwa mu Techa, makamaka m'zaka za 1950 ndi 1951. Nchitoyo inali yacinsinsi, kotero anthu a m'midzi sanauzidwe kanthu. Madzi anali kuoneka oyera, opanda pfungo, ndipo kukoma kwake sikunasinthe.

Pakati pa zoipa zimene zinalowa mumtsinjemo panali strontium-90. Cinthu cimeneci cimabadwa pamene maatomu a uranium aswedwa, ndipo cimatulutsa ceza coononga thupi. Kuopsa kwake kwagona pakuti cimafanana ndi kashiamu, cakudya comanga mafupa cimene cimapezeka mumkaka ndi m'kapenta. Thupi silisiyanitsa bwino ziwirizi. Munthu akamwa madzi otere, gawo lina la strontium limakakhazikika m'mafupa ndi m'mano, nilikhala m'menemo zaka zambiri likuocha mafuta a m'mafupa, kumene magazi amapangidwa. Ana ndiwo amalandira wambiri popeza mafupa ao ali cikulire. Ng'ombe ikadya msipu wa m'dambo loipitsidwa, ululuwo umatulukira mumkaka.

Akatswiri atapima mtsinjewo mu 1951 anapeza kuti zinthu zinali zitaipa kale. Madzi oopsa kopambana anayamba kutayidwa m'nyanja yaing'ono ya Karachay, zitsime zinakumbidwa m'midzi ina, ndipo mbali zina za mtsinje zinachingidwa ndi waya waminga. Pambuyo pake anthu oposa 7,000 anasamutsidwa. Komatu madzi akatayika saoleka. Ambiri anali atamwa kale, ndipo ena anapitiriza kumwetsa ziweto zao pakuti sanauzidwe cifukwa ceni-ceni ca ciletsoco. Madokotala a mumzinda wa Chelyabinsk anayamba kupima ceza ca m'mano a anthuwo, ndipo kuyambira 1974 anali kupima thupi lonse ndi makina. Atatsatira moyo wa anthu pafupi-fupi 30,000 kwa zaka zambiri, anapeza kuti khansa ya m'magazi inaculuka pakati pa awo amene analandira ceza cambiri. Dziko lonse linamva nkhaniyi poyera kuyambira 1989.

Kupeza strontium-90 m'madzi ndi nchito yofuna cipiriro. Ceza cake sicipita patali, ndipo madzi omwewo amacimeza, motero makina oyenda nao m'manja sangathe kunena kuculuka kwake. Wopima amatunga madzi m'mabotolo oyera, nalemba malo ndi tsiku. Ku labotale madziwo amaphwetsedwa, kenaka strontium amapatulidwa ndi mankhwala kumcotsa pakati pa kashiamu ndi zina zonse. Pa njira yakale amadikira masabata awiri kuti cinthu cina cochedwa yttrium-90, cimene cimabadwa kucokera mwa strontium-90, ciculuke, pakuti ceza cake ncamphamvu ndipo cimawerengeka msanga. Ngozi ya ku Fukushima m'dziko la Japan itacitika mu 2011, akatswiri anakonza njira zacangu zoyeza kulemera kwa maatomu, zimene zimapereka yankho tsiku lomwelo.

Muyeso wa ceza umachedwa becquerel, ndiko kuti atomu imodzi kutulutsa ceza pa kamphindi kamodzi ka sekondi. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti strontium-90 asapitirire mabecquerel 10 pa lita imodzi ya madzi akumwa.

Kupima kamodzi sikukwanira. Mphamvu ya strontium-90 imacepa ndi theka pakapita zaka pafupi-fupi 29, ndiye kuti pa ululu umene unatayidwa mu 1951, gawo limodzi mwa magawo anai linali likalipo mu 2009. Ululuwo umatsalira m'matope ndi m'madambo, nubwerera mumtsinje pang'ono-pang'ono. Ncifukwa cake opima amabwerera pamalo omwewo nyengo ndi nyengo, natenga madzi, matope, nsomba ndi mkaka womwe.

Mudzi wa Muslyumovo sunasamutsidwe pamodzi ndi midzi inzake. Anthu ake anakhalabe m'mphepete mwa Techa zaka zoposa 50, ndipo nchito yowapatsa nyumba zina inayamba mu 2006. Ciwerengero ca wopima cimapulumutsa moyo pokhapo cikafika msanga m'makutu a mai wotunga madzi padooko.