GALIMOTO IKAMALEPHERA CHITUNDA: Tiike Chopopera Mpweya Kapena Tikulitse Injini?

Ambiri a ife a kunyanja ulendo uwu timaudziwa. Timapakira usipa ndi utaka wouma ku Mangochi kapena ku Monkey Bay, kudutsa pa Golomoti, kukwera zitunda za Khwekhwerere mpaka pa Masasa, ndipo pobwerera kuchokera m'misika ya ku Dedza timanyamula kachewere ndi nyemba. Galimoto imene imathamanga bwino m'mbali mwa nyanja ikangofika pachitunda imayamba kubuula, utsi wakuda uli tolotolo.

Pamsika wa Kabwazi tinakumana ndi m'bale wina wogulitsa nsomba amene ali ndi Toyota Hilux yakale ya dizilo, ya injini yotchedwa 2L. Makaniko wina anamuuza kuti aike chopopera mpweya, pamene wina anati akulitse injini posintha crankshaft. Ndalama zimene anasunga zinali zokwanira chinthu chimodzi chokha, ndipo fizi ya ana imachokera m'galimoto yomweyo. Tiyeni tsono tiunike nkhaniyi pamodzi.

Mphamvu zimathera kuti?

Injini imapuma monga munthu. Kuti mafuta apse bwino pamafunika mpweya, ndipo mpweya wa kumtunda ndi wopepuka. Nyanja ya Malawi ili pa mamita osafika 500 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene tauni ya Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600. Injini yopanda chopopera imataya mphamvu pafupifupi magawo 3 pa 100 pa mamita 300 alionse amene yakwera. Choncho pofika ku Dedza, gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zake latsala kunyanja. Utsi wakuda uja ndi dizilo amene wasowa mpweya womuotcha.

Njira yoyamba: chopopera mpweya

Zopopera zilipo za mitundu iwiri. Supercharger imazunguliridwa ndi lamba kuchokera ku injini, motero imadyako mphamvu zina za injiniyo. Turbo imazunguliridwa ndi utsi wotuluka. Turbo si chinthu chatsopano: Alfred Büchi wa ku Switzerland analembetsa luso lake m'chaka cha 1905, ndipo mu 1918 Sanford Moss anakaiyesa pa injini ya ndege pamwamba pa phiri la Pikes Peak ku America, mamita oposa 4,000. Kunena zoona, pa vuto la kumapiri chopopera ndiwo mankhwala enieni, chifukwa chimabwezera mpweya umene ukusowa.

Koma walira mvula walira matope. Mpweya wopanikizidwa umatentha, ndipo umafuna mafuta ochuluka, choncho pampu ya dizilo iyenera kuchunidwanso. Kutentha ndi kupanikizika konseko kumagwera pa mapisitoni, gasiketi, hedi ndi radiyeta. A Toyota eni ake ataika turbo pa injini imeneyi n'kuitcha 2L-T, anasinthanso zina za m'kati mwake. Ngakhale zinali choncho, amakaniko amaidziwa 2L-T kuti ikatenthedwa hedi yake sichedwa kusweka. Nanga injini yotopa, imene yasenza katundu zaka makumi awiri, ingapirire bwanji? Mtengo wa chopopera ndi chiyambi chabe cha ndalama zimene mudzalipire.

Njira yachiwiri: kukulitsa injini

Kukula kwa injini kumadalira zinthu ziwiri: kutambalala kwa silinda ndi kutalika kwa ulendo wa pisitoni pokwera ndi potsika. Mukaika crankshaft ya mkono wautali, pisitoni imayenda ulendo wautali ndipo imakoka mpweya wambiri. Injini yotere imakoka bwino ikuzungulira pang'onopang'ono, zomwe ndi zofunika pachitunda. Ku America ntchitoyi ndi yofala: injini ya Chevrolet yotchedwa 350 amaisandutsa 383, ndipo zipangizo zake zimagulitsidwa zonse pamodzi zoyenerana kale.

Kwathu kuno zipangizo zotere sizipezeka wamba. Mukasintha crankshaft muyeneranso kusintha mapisitoni kapena mikono yake, apo ayi pisitoni idzagunda hedi. Mu injini ya dizilo mpata wa pakati pa ziwirizi ndi pafupifupi milimita imodzi yokha. Kulakwitsa pang'ono, injini yonse yapita.

Taonani mmene a Toyota anachitira. Injini ya 2L ili ndi silinda ya mamilimita 92 ndi ulendo wa mamilimita 92, zomwe zimapereka 2,446 cc. Ya 3L ili ndi mamilimita 96 mbali zonse ziwiri, ndipo ndi 2,779 cc. Kunena kwina, injini yokulitsidwa imene m'bale wathu ankafuna inapangidwa kale kufakitale. Tidziwenso kuti kuboola masilinda ndi theka la milimita kumangowonjezera pafupifupi 27 cc. Phindu la kuboola ndi kubwezeretsa mphamvu zimene zinatha, osati kukulitsa injini.

Wa ndalama zochepa atani?

Uphungu wathu ndi wakuti tisathamangire njira ziwirizi tisanayeze injini. Kawirikawiri mphamvu zimene timafuna kugula ndi zomwe galimoto inali nazo kale koma zinatayika. Yambani ndi zotchipa. Sinthani sefa ya mpweya, pakuti fumbi la m'misewu ya dothi limaitseka msanga. Yezetsani manozulo ndi pampu, chunitsani mavavu, tsukitsani radiyeta, ndipo onani ngati kalachi sikuterereka kapena mabuleki sakugwira okha. Matayala aakulu kuposa oyenera nawonso amafooketsa galimoto pachitunda.

Kenaka makaniko ayeze mmene masilinda akupanikizira mpweya. Ngati maringi anatha, ndalama zanu zipite ku ovaholo. Ngati injini ili bwino koma ikuchepabe, kugula injini yathunthu ya 3L ndi kwanzeru kuposa kusema crankshaft, popeza ndi ya banja limodzi ndi 2L ndipo amakaniko athu amaidziwa. Mukatero kadziwitseni a Road Traffic ndi a inshuwalansi, chifukwa nambala ya injini imalembedwa m'mapepala a galimoto. Chopopera chisiyireni amene ali ndi injini yolimba komanso ndalama zapadera zokonzera zikavuta. Kumbukirani kuti zipangizo zimachokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi magawo 44 pa 100 mu November 2023, mitengo yake inakwera kwambiri.

Pomaliza, abale ndi alongo, chitunda chimene timakwera ndi nsomba ndi chomwecho chimene timatsika ndi matumba a kachewere. Hilux yotere inapangidwira katundu wa pafupifupi tani imodzi. Injini yamphamvu imatinyenga kuti tiwonjezere matumba, koma mabuleki, masipuling'i ndi matayala amakhala omwe aja, ndipo pamwamba pa katundu nthawi zambiri pamakhala anthu. M'bale wa ku Kabwazi uja tinamulangiza kuti ayambe wayezetsa injini, akonzetse mabuleki, achepetseko matumba awiri, ndipo potsika Khwekhwerere azigwiritsa giya yomwe anakwerera. Kunyumba akudikira bambo, osati kachewere.