Amisiri Oweruzidwa ndi Mvula

Mu Okutobala, dothi lofiira la ku Mtengowanthenga limauluka. Limalowa pazenera, limakhala pamakatani, limafika ngakhale m'mbale zovundikira. Pofika Januwale, dothi lomwelo limakhala phala loterera lomwe limamata nsapato n'kumeza matayala a galimoto pageti penipeni. Walira mvula walira matope, amatero akulu. Koma lero amene wamanga nyumba ya malata m'mbali mwa msewu wa M1 safuna kulira matope. Amaitana mmisiri woyala timabuloko ta simenti pabwalo, tija ambiri amangoti ma interlocking, ena mapeva.

Kale bwalo linali m'manja mwa amayi ndi ana: kusesa m'mamawa, kuwaza madzi, kuzira pakhonde ndi dothi losankha. Kenaka opeza bwino anayamba kuthira konkire pabwalo ponse, koma konkire ikang'aluka imakhala yang'aluka, ndipo chigamba chake chimaonekera patali. Timabuloko tinafala ku Netherlands itatha nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, pamene njerwa zootcha zinkafunika kumangira nyumba ndipo misewu inkasowa choyalapo. Kuno ambiri tinationera ku Lilongwe, pamalo omwetsera mafuta ndi m'mabwalo a maofesi. Kuchoka kumeneko timabulokoto tinatsata tala kudutsa Lumbadzi mpaka Mponela. Otifuna ndi aphunzitsi ndi anamwino amene amanga, opuma pantchito obwerera kumudzi, alimi amene fodya kapena soya wawayendera, achibale otumiza ndalama kuchokera ku Joni, matchalitchi ndi eni malo ogona alendo.

Bwalo limodzi limadyetsa anthu ambiri amene mwini nyumba sawaona. Alipo okumba mchenga kudambo ndi kumtsinje, ndi mwini ngolo amene ng'ombe zake zimaukokera kumtunda. Alipo oswa miyala ndi hamala, ambiri mwa iwo amayi, amene amagulitsa pa wilibala. Alipo otunga madzi kumjigo, olipidwa pa chigubu. Simenti imachokera kutali: ya Shayona ku Kasungu, ina ku Mangochi kapena ku Blantyre, ina ya Dangote yodutsa malire kuchokera ku Zambia. Zonsezi zimakumana pa woumba.

Woumba amakhala ndi zikombole, za pulasitiki kapena zachitsulo. Amasakaniza simenti, mchenga ndi dasiti wa kwale, amathira madzi pang'ono, n'kutsendera m'chikombole kapena kugwedeza patebulo la makina kuti mpweya utuluke. Akafuna kofiira kapena kachikasu amaonjezera ufa wa utoto. Kabuloko katsopano n'kofanana ndi khanda: kamafuna mthunzi ndi madzi tsiku lililonse kwa sabata yathunthu, ndipo mphamvu zake zimakwana pakatha masiku 28. Chinyengo cha ntchitoyi chimayambira pomwepa. Thumba la simenti ndi la makilogalamu 50, ndipo woumba wadyera amalikoka kuti litulutse timabuloko toposa muyeso, n'kugulitsa tisanakhwime. Woyala wodziwa sakhulupirira maso. Amatenga tiwiri n'kutigundanitsa. Tabwino timalira ngati mbale yadothi yootcha bwino. Tonama timalira mogontha, ndipo m'mphepete mumayoyoka ukakanda ndi msomali.

Tsono tafika pa mwini nkhani, woyala. Tsiku loyamba sagwira kabuloko ngakhale kamodzi. Amayenda pabwalo akuyang'ana padenga, kufunsa kumene madzi a malata amagwera ndi kumene amathawira. Amakhoma zikhomo, amamanga chingwe, amaika levulo. Bwalo liyenera kupendekeka pang'ono kuchoka kukhoma la nyumba, pafupifupi masentimita 2 pa mita iliyonse. Diso la mlendo siliona kupendekekako, koma madzi amakudziwa. Akatero anyamata ake amalowa ndi mapiki ndi mafosholo, kuchotsa dothi lapamwamba lonse pamodzi ndi mizu. Pamene pali makande amakumba mozama, poti makande amafufuma ndi mvula n'kung'aluka ndi dzuwa. M'malo mwake amathira gelevulo, kuwaza madzi, kushindira, kuthiranso, kushindiranso. Amene ali ndi ndalama amabwereka kompakita ya petulo; amene alibe amashindira ndi chipika kapena chitini chodzaza konkire chokhala ndi mpini, dzuwa lonse.

Apa ndi pamene mmisiri ndi bwana mwini nyumba amakangana kawirikawiri. Papita masiku atatu, ndalama zatuluka, koma pabwalo pakuoneka ngati pomwe pafukula nkhumba. Bwana amafuna kuona maluwa a timabuloko, mmisiri amamudandaulira kuti, "Bwana, pansi pano mpofewa, tiloleni tishindirenso." Mmisiri akagonja pa mkanganowu, bwalo limakongola mofulumira, koma ndi chikomekome cha mkuyu.

Pansi pakalimba amamanga makebu m'mbali, ogwiridwa ndi konkire, chifukwa bwalo lopanda m'mphepete limamwazika ngati mtolo wa nkhuni wopanda luzi. Amayala mchenga wosefa wochindikala ngati zala ziwiri, n'kuusalaza ndi thabwa lokokedwa pamwamba pa mapaipi awiri. Pamchengapo saloledwa kupondapo munthu, galu kapena nkhuku. Kenaka mmisiri amagwada pa katoni, dakaboyi akumupatsira, iye akuika kamodzikamodzi n'kukagogoda ndi hamala ya labala. Podutsa galimoto amayala mokhotakhota ngati minga ya nsomba, kuti tayala likamapotoka timabuloko tizigwirana. Pabwalo la nyumba tokhuthala mamilimita 60 timakwana. Polowa malole a chimanga pamafunika ta 80.

Kulemera kwa ntchitoyi kumaoneka ukawerengera. Kabuloko ka masentimita 20 m'litali ndi 10 m'lifupi kamalowa ka 50 pa sikweya mita imodzi. Bwalo la masikweya mita 100 ndiye kuti timabuloko 5,000, tolemera pafupifupi matani 14, ndipo kalikonse kadutsa m'dzanja la munthu wogwada. Madzulo mmisiri amadzuka pang'onopang'ono atagwira m'chiuno. Zala zimakhala zosupuka, poti simenti imadya khungu. M'makona amadula ndi galainda, ndipo fumbi loyeralo likamapumidwa zaka zambiri limawononga mapapo. Kansalu kapamphuno sikokwanira. Kunyowetsa podula ndiye kumathandiza. Akamaliza amasesera mchenga wouma m'mipata yonse, n'kushindira komaliza. Mchenga umenewo ndiwo umamanga bwalo kukhala chinthu chimodzi.

Mukachoka kumsewu waukulu kulowera ku Dowa boma kapena kukwera mapiri a Ntchisi, nyumba zambiri zili pamtsetse. Kumeneko madzi sayenda, amathamanga. Woyala wa kuchigwa amene sadziwa zimenezi amabwerera ndi manyazi, chifukwa madzi akapeza kampata amalowa pansi n'kukokolola mchenga wonse. Wodziwa amadula bwalo m'masitepe, amaika mzere wa konkire wopingasa kuti timabuloko tisatsetsereke, ndipo amakumba ngalande kumtunda kuti madzi ochokera kwa oyandikana nawo apatuke asanafike.

N'chifukwa chake mvula ikangotha pamabwera ntchito ina, yokonza. Apa pali dzenje lomwe mumaima madzi, apo mizere iwiri ya matayala yalowa pansi, uko muzu wa mango watukula ngodya. Nyerere zatulutsa mchenga n'kuunjika timilu, dawe wamera m'mipata. Wokonza amazula kabuloko koyamba ndi masukuludalaiva awiri, totsatira timangotuluka tokha. Amakonza pansi, amashindira, n'kubwezeretsa tomwe tija. Ubwino wake ndi umenewu: ngakhale paipi ya madzi itaphulika pansi, bwalo limatseguka n'kutsekekanso popanda chipsera. Ndipo wokonzayo akangozula, amawerenga mbiri ya mnzake amene anayala: kaya anashindira, kaya anathamangira ndalama.

Ambiri mwa amisiriwa anayamba ngati madakaboyi, kukankha wilibala mpaka tsiku lina bwana wawo anawapatsa chingwe. Ena anaphunzira zomangamanga m'makoleji a ntchito zamanja pansi pa TEVETA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1999. Ena analitenga lusoli ku South Africa akugwira maganyu. Malipiro amagwirizana pa sikweya mita, kawirikawiri pakamwa pokha, ndipo ndalama yotsala imavuta kutuluka ntchito ikatha. Nyengo yawo ndi chilimwe, misika ya fodya ku Kanengo ikatsegulidwa ndi soya akagulitsidwa. Dzinja ambiri amabwerera kumunda. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti inakwera, ndipo mabwalo ena anaima ali theka. Komabe malamulo a mu 2018 oletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zamalonda anachulukitsa oumba mabuloko a simenti, ndipo ambiri mwa iwo amaumbanso timabuloko ta pabwalo.

Mmisiri woyala alibe chikwangwani. Ntchito yotsatira amaipeza kwa munthu amene wasuzumira pageti la mnzake n'kufunsa kuti, "Anakuyalirani ndani?" Wofunsa wanzeru samapita kukaona bwalo mu Ogasiti, pamene lililonse limaoneka bwino. Amapita mu Febuluwale, mvula itangokata, n'kuyang'ana ngati pali pomwe madzi aima.