Magalasi ochita nthunzi amathera pamphumi

Linali Loweruka m'mawa, mwezi wa Juni, ndipo ku Jenda kunkazizira moti zala zinkakana kupindika. Ndinali pamalo owotcherera zitsulo a asibweni, monga timawatchulira amalume kwathu kuno ku Mzimba. Anandipatsa grinder kuti ndisalaze felemu ya zenera, nandiponyera magalasi oteteza maso. Nditangogwira ntchito pang'ono, magalasi aja anayera mbuu ndi nthunzi. Ndinapukuta ndi malaya, anayeranso. Kachitatu ndinangowakankhira pamphumi.

"Iwe, bweza magalasi m'maso!" anakuwa asibweni.

"Sindikuona kanthu, asibweni. Ndatsala pang'ono kumaliza."

Sindinamalize. Kachitsulo kochepa ngati kamchenga kanathethekera m'diso lamanja n'kukanirira pa cornea, khungu loonekera la kutsogolo kwa diso. Kuchipatala anakachotsa atandidonthezera mankhwala ochititsa dzanzi, ndipo ndinachira. Koma tsikulo ndinazindikira kuti magalasi ochita nthunzi ndi oopsa, chifukwa mwini wake amawavula pa nthawi yomwe akuwafunitsitsa.

Nanga nthunziyo imachokera kuti? Pakati pa nkhope ndi galasi pamakhala mpweya wofunda, wodzaza ndi chinyezi cha thukuta ndi mpweya umene tikupuma. Mpweya wa 30°C ungasunge pafupifupi magalamu 30 a madzi mu cubic metre imodzi, pomwe wa 10°C umasunga pafupifupi magalamu 9 okha. Ndiye mpweya wofunda uja ukakhudza galasi lozizira, madzi otsalawo amasanduka timadontho. M'kalasi mumati condensation. Ndi momwe amapangikira mame pa udzu, komanso chifunga chimene chimakuta msewu wa M1 ku Chikangawa, kumene okwera njinga zamoto amavutika ndi galasi la helimeti.

Komatu madzi ndi oonekera, nanga n'chifukwa chiyani sitiona? Vuto ndi maonekedwe a timadonthoto. Kadontho kalikonse n'kozungulira, ndiye kamapatutsa kuwala n'kukumwaza mbali zonse. Madzi omwewo atafalikira n'kukhala kansalu kosalala, kuwala kumadutsa bwinobwino. Magalasi osachita nthunzi amapakidwa mankhwala amene amafooketsa surface tension kuti madzi afalikire m'malo moundana. Sopo amachitanso zomwezo. Yesani pa kalilole: pakani sopo pang'ono theka limodzi, pukutani, kenako uzirani mpweya. Muona mbali imodzi yokha itayera.

Amene analimbana kwambiri ndi vutoli ndi osewera airsoft, masewera amene anayambira ku Japan m'zaka za m'ma 1970. Amawomberana ndi mfuti zoponya timipira ta pulasitiki ta mamilimita 6, ndipo amathamanga, kutuluka thukuta, magalasi ali kumaso. Tiyeni tiwerengere ndi fomula ya kinetic energy, ½mv². Kampira ka magalamu 0.20 kothamanga mamita 100 pa sekondi kali ndi joule imodzi. Pakhungu kamangosiya chotupa, koma kangathe kuwononga diso. Tsopano tiyerekeze mwala wa magalamu 10 wochoka pa legeni pa mamita 30 pa sekondi: majoule 4.5. Inde, legeni ya mng'ono wanu ingapose mfuti ya airsoft. Osewera ena anathawira ku magalasi a sefa yawaya chifukwa sachita nthunzi, koma kampira kakasweka, tizidutswa timadutsa m'mabowo. Pa grinder sefa yotere n'chimodzimodzi kusavala kanthu.

Kwathu kuno airsoft si yofala, koma zouluka zilipo zambiri: kwa owotcherera ku Jenda ndi pa boma, kwa ocheka matabwa ku Viphya, kwa oswa miyala yomangira, ndi kwa okumba aquamarine ndi rose quartz, miyala imene Mzimba imadziwika nayo. Quartz ikasweka, zidutswa zake zimacheka ngati botolo.

Ndiye mukamagula muziyang'ana chiyani? Choyamba, galasi likhale la polycarbonate, pulasitiki wolimba amene akamenyedwa amapindika m'malo mophwanyika. Magalasi a dzuwa wamba, kaya owerengera, angathe kusweka n'kukulasani okha.

Chachiwiri, werengani zilembo zodindidwa pa galasi kapena pa felemu. Z87+ ndi chizindikiro cha muyezo wa ku America wosonyeza kuti anayesedwa ndi chinthu chothamanga. EN166 ndi muyezo wa ku Ulaya. Pamenepo chilembo F chikutanthauza kuti anapirira kampira kachitsulo ka magalamu 0.86 pa mamita 45 pa sekondi, pomwe B ndi mamita 120 pa sekondi. Werengerani nokha: F sikufika joule imodzi, B ndi majoule oposa 6. Chilembo N ndiye chathu chija, sachita nthunzi msanga, ndipo K ndiye kuti sakandika msanga. Ngati palibe chilembo chilichonse, musawakhulupirire, ngakhale wogulitsa alumbire bwanji.

Chachitatu, avaleni pomwepo. Agwire nkhope pamwamba, m'munsi ndi m'mbali, chifukwa tizitsulo timadzera m'mipata. Akhalenso ndi timabowo tolowetsa mpweya, koma tophimbika, toti mpweya ukhote polowa pomwe kachitsulo sikangakhote. Ena ali ndi magalasi awiri okhala ndi mpweya pakati, kuti lamkati lisazizire.

Ngati anu alibe N, pakani kadontho ka sopo wamadzi mkati, dikirani aume, mupukute mopepuka ndi nsalu yofewa. Kukazizira, afunditseni kaye m'thumba la malaya. Musawatsuke ndi petulo kapena thinner, zimafooketsa polycarbonate. Ndipo dziwani kuti magalasi oyerawa si owotcherera. Kuwala kwa welding kuli ndi cheza cha ultraviolet champhamvu, kumafuna chigoba chake chokhala ndi galasi lakuda lopangidwira ntchitoyo.

Kanthu kakalowa m'diso, musatikite. Ngati ndi fumbi, tsukani ndi madzi oyera ambiri. Ngati kakanirira, musakatokose, musathiremo mkaka wa m'mawere kapena madzi a masamba. Phimbani diso osalipsinja, mupite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa chitsulo chimayamba kusiya dzimbiri pa cornea m'maola ochepa chabe.

Masiku ano ndikafika kwa asibweni ndimayamba ndi kadontho ka sopo. Magalasi akachitabe nthunzi, ndimazimitsa grinder, kudikira kuti isiye kuzungulira, kenako n'kuvula. Amene muli ndi achibale ogwira ntchito zoterezi, kayang'aneni magalasi awo sabata ino, muone ngati pali Z87+ kapena EN166.